Nkhuku zathu zafa ndi chitopa

Sabata yathayi nkhuku 14 zafa kwathu kumudzi. Amayi anandiimbira foni akulira, ndipo pofika madzulo anthu anali atayamba kale kuloza chala gogo ena amene amakhala okha kuseri kwa dimba. Zandipweteka mumtima.

Ndinafunsa mmene nkhukuzo zinkaonekera. Akuti zinkangozyolika, mapiko ali pansi, zitosi zobiriwira, zina khosi litapindika. Abale anga, chimenecho ndi chitopa! Chimavuta nyengo yotentha ino, ndipo nkhuku imodzi yogula pamsika imapatsira khola lonse. Katemera uja wodontheza m'diso chaka chino sitinazipatse.

Kuti munene kuti ndi gogowo, mukuyenera kukhulupirira kuti ali ndi mphamvu zobisika, kuti amatida, kuti anabwera usiku osaonedwa, komanso kuti anasankha zizindikiro zofanana ndendende ndi za chitopa. William wa ku Ockham, katswiri wa maphunziro wa ku England wa m'zaka za m'ma 1300, ankaphunzitsa kuti tisamachulukitse zongoganizira pamene chifukwa chimodzi chikukwanira kufotokoza chinthu.

Loweruka ndikupita ndi alangizi a ziweto, koma ndikayamba ndadzera kwa gogowo kukawapepesa.