Ulendo wa ku labu ya za ubongo, ndi nkhani ya nsapato ija

Anzanga amene munatsala, lipoti lija ndi ili, ndipo ndiyambira pa khomo chifukwa ndi pomwe panali nkhani. Tinauzana kale pa gulupu kuti mu labu salowa ndi nsapato zoonetsa zala, koma asungichuma athu anabwera ndi masandasi, akuti mapazi amawatupa mu basi. Mayi wa pa khomo anangowayang'ana kumapazi nkupukusa mutu. Anachonderera, anaonetsa kalata yotiitana, mpaka anati ndine ndalipira basi yabweretsa anthuwa, koma ayi ndithu. A tcheya anapsa mtima, asungichuma nawo akuti uthengawo unabwera usiku iwo atagona kale, ndiye mkangano unakula ife tangoima ndi magawuni m'manja, mpaka adalaivala anavula nsapato zawo nkuwabwereka. Zazikulu ngati mabwato, analowa akuzikhwekhwereza.

Mkatimo anationetsa mbewa yomwe anaibaya utoto wabuluu mu mtsempha. Chiwindi buluu, impso buluu, khungu lomwe buluu, koma ubongo uli mbee! Ine ndinangoti kakasi. Ndinawerengapo za Paul Ehrlich yemwe anaona zimenezi mu 1885, ndi Edwin Goldmann yemwe mu 1913 anabaya utoto m'madzi a mu msana ndiye ubongo nkusanduka wabuluu thupi ayi, koma kuona ndi maso nkwina. Maselo a timitsempha ta mu ubongo ndi omatana kotheratu, mpata palibe, ali ngati mpanda pakati pa magazi ndi ubongo, komanso muli timapampu ngati P-glycoprotein tomwe timabwezera mankhwala ena m'magazi akangoti alowe. Ndakhala ndikuganiza za odwala omwe timawapatsa mankhwala mokhulupirika tsiku ndi tsiku, kumadabwa bwanji sakusintha, chonsecho mwina ofika ku ubongoko ndi ochepa zedi. Zandikhudza kwambiri.

Adokotala akufotokoza kuti odwala Parkinson (matenda onjenjemeretsa thupi) sapatsidwa dopamine, mankhwala achilengedwe omwe amaperewera mu ubongo mwawo, poti sadutsa mpandawu, amapatsidwa levodopa yemwe amalowa kudzera pa chonyamulira ma amino acid (tizidutswa ta mapuloteni) nkukasanduka dopamine ali mkati kale, mlembi wathu anangokuwa, "ndiye nsapato za adalaivala zijatu!" Ngakhale adokotalawo anaseka mpaka kuvula magalasi. Mukamva tikuitana asungichuma kuti a Levodopa pa miting'i musadabwe, eni ake avomera dzinalo.

Tinaphunziranso za nusinersen, wa ana odwala SMA (matenda ofooketsa minofu), yemwe anavomerezedwa mu 2016 ndipo amabayidwa m'madzi a mu msana kuti alambalale mpandawu, komanso za ultrasound yogwedeza timathovu m'magazi kuti mpanda utseguke kwa maola ochepa, yomwe anaiyesa koyamba pa munthu ku Toronto mu 2015. Manotsi onse ali ndi mlembi.

Zikomo a tcheya potilembera makalata miyezi yonseyi, zikomo achemwali athu a kamera ngakhale anatiletsa kujambula mbewa ija, zikomo mayi wa pa khomo chifukwa munachita ntchito yanu. Adalaivala, munakhala mu basi ndi masokosi okha mpaka madzulo osadandaula, tagwirizana kuti ulendo wotsatira mudzalowa nafe mudzaione nokha mbewayo.