Kuika ma chord ndi zithunzi za kagwiridwe ka gitala mu MuseScore

Nyimbo ya kwaya ikalembedwa mu MuseScore, pulogalamu ya pakompyuta yolembera manoti a nyimbo, mawu onse anayi ali m'malo mwake, woimba gitala amakhalabe alibe pogwira. Manoti a soprano alibe nawo ntchito. Iye akufuna kudziwa kuti apa agwire G, apo asinthire ku C.

Ndimayamba ndi mayina a ma chord okhaokha mpaka nyimbo yonse ithe. Ndimadina noti yoyamba, kenako Ctrl ndi K, n'kulemba G. Ndikamenya Space, kabokosi kolembamo kamadumphira kutsogolo, pomwe chizindikiro cha semicolon (;) chimakafikitsa pa beat yotsatira, ndipo chimandithandiza kwambiri pamene chord ikusintha noti yaitali isanathe. Flat ndimalemba b wamng'ono, sharp ndi #, ndiye Bb, F#m kapena D/F# pulogalamuyo imaziwongola yokha. Pomaliza, Esc.

Zithunzi ndiye zimafuna kudekha. Mu MuseScore 4 zili mu palette (bokosi la zizindikiro) ya Fretboard diagrams, ndipo ikapanda kuoneka ndimakaitenga ku Add palettes. Ndimasankha noti, n'kudina chithunzi, kenako ndimachikonza mu Properties. Mzere wa kumanzere kwenikweni ndi chingwe chonenepa cha E. Pamwamba pa chingwe chilichonse chopanda kadontho pamakhala O, kutanthauza kuti chilire chosagwidwa, kapena X, chisakhudzidwe n'komwe. Pa C wamba, chingwe chonenepacho chimalandira X, kadontho kamapita pa fret 3 (mpata wachitatu pa khosi la gitala) ya chingwe cha A, kena pa fret 2 ya D, kena pa fret 1 ya B. Bm imafuna chala chamkombaphala chigone chopingasa pa fret 2, ndipo mzere umenewo umatuluka ndikadina nditagwira Shift.

Sindiika chithunzi pa chord iliyonse ayi. Tsamba limathinana, maso a woimba amasochera pofuna dzina lotsatira. Ndimachiika pomwe chord yaonekera koyamba, ndi pomwe kagwiridwe kake n'kachilendo, monga D/F# imene ambiri amaigwira ndi chala chachikulu pa fret 2 ya chingwe chonenepa. Wophunzira amakhulupirira kadontho kalikonse, n'chifukwa chake chithunzi chilichonse ndimachiyesa pa gitala ndisanasindikize.

Kwaya ikadandaula kuti kiyi yakwera, Transpose, chida chosinthira kiyi, imasintha manoti ndi mayina a ma chord pamodzi. Zithunzi zokha ndimaziyenderanso chimodzichimodzi, kuona ngati dzina ndi timadontho zikugwirizanabe.