Kambale kopotoka ka ku Kyoto

Lero kuno ku Kyoto, mzinda wa ku Japan, andipatsa tiyi wobiriwira uja amati matcha m'kambale kadothi kakuda, kopanda chogwirira, mlomo wake uku wokwera uku wotsika. Chamumtima ndinati, zoona mlendo n'kumupatsira m'chotere? Mayi amene anatilandira anatakasa tiyiyo ndi kamthiko kansungwi mpaka thovu, kenako anati ndikagwire ndi manja awiri, ndikatembenuze pang'ono ndisanamwe, kuopa kuika mlomo kumaso kwake. Ee, mbale kukhala ndi kumaso!

Nditakagwira ndinangoti zii. Kopepuka, kofunda bwino osawotcha, ndipo chala changa chachikulu chinakakhazikika m'kadzenje komwe chala cha woumba chinasiya. Mbale zotere amati raku: saumbira pa chipangizo chozungulira chija choumbira mbiya, ndi manja basi, ndipo amazitulutsa mu uvuni zikadali psu. Anayambitsa ndi Chōjirō konkuno ku Kyoto m'zaka za m'ma 1500, akuumbira katswiri wa tiyi Sen no Rikyū.

Ndinakumbuka agogo akuumba miphika kuseri kwa nyumba, ife tili kalikiliki kulimbirana makapu apulasitiki. Kamanyazi kanandigwira. Tiyiyo ngwowawa, ndisaname, koma kambale kaja sindimafuna kukabweza.