Waya wokulungidwa pa maginito ndi makutu amene amasintha

Kwa zaka pafupifupi zinayi ndakhala ndikusautsika ndi funso limodzi lokhudza gitala yamagetsi, ndipo mlungu wathawu, ndili m'chipinda changa ku Matawale, mvula ikugwa pa malata, mutu wanga unatseguka. Likukhudza pickup, kachipangizo ka waya wokulungidwa pa maginito kamene kamakhala pansi pa nsambo n'kusandutsa kunjenjemera kwake kukhala magetsi. Funsolo linali lakuti n'chifukwa chiyani woimba amene anayamba ndi kukonda pickup yamphamvu, yolira ngati mkango, amafika pokonda yofooka akakhala pa gitala zaka zambiri, n'kumayitamanda ngati watola chuma. Zimenezi ndinayamba kuziona mwa anthu ena, kenaka ndinazipeza mwa ine mwini, ndipo zinkandichititsa manyazi chifukwa ndinkaganiza kuti ndayamba kukalamba nthawi isanakwane.

Ma pickup alipo a mitundu iwiri ikuluikulu: single coil, ya koyilo imodzi ya waya, ndi humbucker, ya makoyilo awiri. Gitala yanga yoyamba ndinaigula kwa munthu amene anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg, ndipo inali ndi ma humbucker awiri a maginito a ceramic. Ndinkaikonda kwambiri chifukwa ndikangokhudza nsambo imodzi tchalitchi chonse chinkadziwa kuti ndafika. M'gulu lathu loimba munalinso bambo wina wachikulire amene ankaimba rumba m'mabala kale asanatembenuke mtima, ndipo gitala yawo inali yongofanizira Stratocaster, gitala ya kampani ya Fender ya ma single coil, yopepuka mawu, yong'ung'udza nthawi zonse akachotsa dzanja pa nsambo. Ine ndinkawamvera chisoni poganiza kuti n'kusowa ndalama kumene kukuwasungitsa chinthu chotere. Koma tikajambula mapemphero pa foni n'kumvetsera tili kunyumba, gitala yawo inkamveka nsambo iliyonse payokha pakati pa makiyibodi awiri, bezi ndi kwaya, pamene yanga inkangokhala phala.

Chimene ndamvetsa tsopano chagona pa kuchuluka kwa mikulungo ya waya. Koyilo ya Stratocaster imakulungidwa maulendo pafupifupi 8,000 ndi waya wa kopa woonda ngati tsitsi. Ukawonjezera mikulungo, pickup imatulutsa magetsi ochuluka, ndipo izi aliyense amazidziwa. Chimene palibe anandiuza n'chakuti mikulungo yomweyo imawonjezeranso inductance, khalidwe la koyilo lokana kusintha kwachangu kwa magetsi, ndipo inductance imeneyi ikakumana ndi capacitance, khalidwe losunga magetsi pang'ono la chingwe chopita ku ampulifaya, zinthu ziwirizi zimapanga nsonga, ndiko kuti malo amodzi pa mndandanda wa mawu pamene pickup imafuula koposa, ndipo kupitirira pamenepo mawu okwera amagwa msangamsanga. Pa magitala ambiri nsonga imeneyi imakhala pakati pa mahetsi 2,000 ndi 5,000 (mahetsi ndiwo muyeso wa kukwera kwa mawu). Waya akachuluka, nsongayo imatsika. Ikatsika, kuwala kwa mawu kumapita, n'kutsala kunenepa kwa pakati. Choncho mphamvu ya pickup sibwera yaulere, amailipira ndi mawu okwera, monga akulu ananenera kuti walira mvula walira matope.

Ndinakhala nthawi yaitali ndikungoyang'ana chithunzi chimene ndinajambula m'kope, kamzere kokwera pang'ono n'kugwa, chifukwa ndinazindikira kuti mawu onse amene oimba timakangana nawo, akuti iyi njotentha, iyi njowala, iyi njamatope, akunena za malo amene kansonga kameneka kaima ndi kutalika kwake. Ndinamvetsanso chifukwa chake opanga magitala amaika voliyumu ya 250k (muyeso wa mmene imakanira magetsi) pa single coil ndi ya 500k pa humbucker: yoyambayo imafinya nsonga yotalika kale kuti isabaye m'makutu, yachiwiriyo imasiya nsonga yotsika kuti ipume. Ngakhale chingwe chili m'nkhaniyi. Mita iliyonse ya chingwe wamba imawonjezera capacitance pafupifupi 100 pF, kotero kuti gitala yomweyo imalankhula mosiyana pa chingwe cha mamita atatu ndi pa chija cha mamita khumi chimene timakoka kuchokera kuguwa mpaka kumene kuli mikisa.

Nditagwira mfundo imeneyi, mbiri ya ma pickup, imene ndinkailoweza ngati mayina a mafumu, inayamba kukhala ndi mutu. Pamene Seth Lover wa ku kampani ya magitala ya Gibson ankapempha chilolezo cha umwini wa humbucker mu 1955, cholinga chake sichinali mphamvu ayi, chinali kupha kung'ung'udza kumene P-90, single coil yawo ya mu 1946, inkatola ku magetsi a m'nyumba. Anaika makoyilo awiri oyang'anizana mosemphana kuti phokosolo lizidyana lokha, ndipo ma pickup amenewa, amene anayamba kuikidwa pa magitala a Les Paul mu 1957 ali ndi kapepala kolembedwa kuti Patent Applied For, mwachidule PAF, anali ofatsa ndithu, ambiri ongozungulira ma ohm 8,000, muyeso umene umakwera waya akachuluka. Mphamvu inadzafunika pambuyo pake. Ma ampulifaya ambiri a nthawi imeneyo sankaswa mawu pokhapokha atatsegulidwa mpaka kumapeto, ndipo oimba rock amene ankafuna mawu osweka anafunika chinthu chokankha ampulifaya kuchokera pakhomo penipeni. Ndicho chifukwa chake Larry DiMarzio anatulutsa Super Distortion mu 1972, ya maginito a ceramic ndi waya wopitirira ma ohm 13,000, ndipo anthu anayamba kuzula ma pickup akale m'magitala mwawo kuti aikemo imeneyi. Kenaka kunabwera pickup ya EMG, imene inatenga njira ina: mikulungo yochepa, maginito ofooka, ndi kachipangizo kokulitsa mawu kodya batire ya mavoti 9, ndipo oimba metal a m'zaka za m'ma 1980 anaikumbatira.

Apa ndi pamene nkhaniyi inandikoma. Ma ampulifaya atayamba kupangidwa ndi mphamvu yoswa mawu mkati mwawo, ndiponso mapedo, timabokosi toponda ndi phazi tosintha mawu, atachuluka, ntchito imene pickup yamphamvu inabadwira inatha. Woimba sankafunikanso kugulitsa mawu okwera kuti agule mphamvu, chifukwa mphamvuyo ankaipeza popotokola kabatani. Zitatero anthu anabwerera kukafunafuna ma PAF omwe aja anazulidwa, mitengo yake inakwera modabwitsa, ndipo kampani ya Seymour Duncan, imene inayamba mu 1976, inafika pogwira ntchito ndi Seth Lover mwiniwake m'zaka za m'ma 1990 kuti apangenso pickup yofanana ndi yakaleyo. Kunena kuti makutu a anthu anasintha n'kunena theka chabe. Chimene chinasintha poyamba ndi zimene zaima kumbuyo kwa pickup, ndipo makutu anangotsatira.

Ndikuona kuti zimene zinachitikira dziko m'zaka makumi anayi zimachitikira woimba mmodzi m'zaka zochepa. Woyamba kumene amaimba yekha m'chipinda, pa kaampulifaya kakang'ono kopanda thupi, ndipo pickup yamphamvu imamupatsa thupi limene kaampulifayako kalibe. Imamubisiranso zolakwa, chifukwa ikakankha ampulifaya mpaka mawu kuphwanyika, nsambo yokhudzidwa mwamantha ndi yokhudzidwa molimba mtima zimamveka pafupifupi chimodzimodzi. Manja akakhwima, chinthu chomwecho chimene chinkabisa zolakwa chimayamba kubisa luso. Ukhudza pang'ono, sichikumvera. Ukhudza kwambiri, sichikumveranso. Komanso munthu akalowa m'gulu amapeza kuti malo a pakati pa mawu anadzaza kale ndi kiyibodi ndi mawu a anthu, ndipo mpata wotsala uli pamwamba, pomwe paja pickup yake inagulitsa. Kwathu kuno zimenezi zimaoneka msanga chifukwa maimbidwe ambiri amene timakulira, rumba ya ku Congo, sungura ya ku Zimbabwe ndi nyimbo za m'makwaya athu, amafuna gitala yoyera, yothamanga kumapeto kwa khosi, nsambo iliyonse ikudontha payokha. Bambo aja sankasowa ndalama. Ankadziwa malo awo m'gulu.

Kung'ung'udza kwa single coil sindikuchepetsa ayi, makamaka m'nyumba zopempherera zimene mawaya ake alibe waya wopita pansi, kapena pa msonkhano wa panja pamene tikuimba ndi jenereta. Mabuku a ku America amakutchula kuti 60 cycle hum, koma magetsi athu kuno amayenda pa mahetsi 50, ndipo phokoso lathu limakhala pamwamba pang'ono pa G wa pansi wa bezi, kotero kuti nyimbo ikakhala mu G limabisala, ikakhala mu kiyi ina limaonekera poyera. Pa magitala ambiri a masiku ano a ma single coil atatu koyilo ya pakati imakulungidwa mobwerera, ndiye ukaika switchi yosankhira pickup pa malo achiwiri kapena achinayi phokosolo limatha. Malo amenewa oimba anawapeza okha poimika switchi ya malo atatu pakatikati, Fender isanayambe kuika ya malo asanu mu 1977.

Njira imene yanditsegula makutu ndi yapafupi, ndipo ndikukhulupirira kuti palibe ina yoposa imeneyi. Ndimaimba kachidutswa kamodzi ka masekondi makumi awiri pa pickup iliyonse, ndi chingwe chomwecho, foni ili pa malo omwewo, ndipo chachikulu koposa n'chakuti ndimasintha voliyumu ya ampulifaya kuti zonse zimveke mokweza mofanana. Pamenepa ndi pamene ambiri timanamizidwa, chifukwa khutu la munthu limaweruza chokweza kuti ndicho chokoma, ndipo pickup yamphamvu imapambana mlandu usanayambe. Ndikatha kujambula, mchemwali wanga amasintha mayina a zojambulazo n'kuika manambala, ndipo ine ndimamvetsera m'mawa mwake osadziwa kuti iyi ndi iti. Ulendo woyamba ndinasankha single coil ya ku khosi ya gitala yobwereka, imene maso anga akanaikana. Ulendo wachiwiri ndinasankha humbucker yanga yomwe ija, koma nditaitsitsa ndi sikuludiraiva kuti italikirane ndi nsambo, ntchito imene sinadye ngakhale kwacha imodzi. Ndikanakhala ndi ulamuliro, munthu aliyense wofuna kugula pickup ndikanamukakamiza kuchita zimenezi katatu asanatulutse ndalama, ndipo ndikuganiza kuti theka la anthuwo akanabweza ndalama zawo m'thumba.

Chimene chikundiwawa ndi nthawi imene ndataya. Ndinaphunzira gitala kwa anthu atatu, onse aluso kuposa ine, koma ndikafunsa chifukwa chake pickup iyi ikumveka motere, yankho linali lakuti makutu anga adzakula. Bambo achikulire aja tsiku lina anangoseka n'kundiuza kuti, “Mwana wanga, imba kaye, zinazi udzazimva wekha.” Sananame, koma zaka zinayi n'zambiri kudikira chinthu chimene chikanatha kujambulidwa pa pepala m'mphindi khumi. Kusukulu ya sekondale tinaphunzira za Faraday ndi zimene anapeza mu 1831, kuti maginito akasuntha pafupi ndi koyilo magetsi amabadwa, ndipo tinaziloweza kuti tikhoze mayeso a MSCE, koma palibe mphunzitsi amene anabwera ndi gitala m'kalasi, ngakhale kuti anyamata ambiri m'kalasimo tinkalota za gitala usana ndi usiku. Oimba amadziwa mawu koma safotokoza chifukwa, aphunzitsi a sayansi amadziwa chifukwa koma sanagwirepo nsambo, ndipo wophunzira amatsala pakati. Panopa ndimagwira ntchito tsiku lonse, gulu lathu limakumana kawiri pa mlungu, ndipo ngakhale nsambo zabwino zimafuna ulendo wa minibasi wopita ku Blantyre. Kuyesa ma pickup osiyanasiyana monga amachitira anzathu akunja n'kosatheka, chifukwa imodzi yokha uyenera kuituma kwa munthu wochokera ku South Africa n'kudikira miyezi. Za pickup ya Fishman Fluence, imene inatuluka mu 2014 ndi makoyilo osindikizidwa pa timatabwa ta magetsi m'malo mwa waya wokulunga, ndangowerenga chabe.

Pali chinthu chimodzi chimene chikundisowetsabe mtendere. Munthu akamakula, kapena akakhala zaka zambiri pafupi ndi ng'oma ndi masipika, mawu okwera ndi amene amayamba kuthawa m'makutu mwake, ndipo ine ndaima kutsogolo kwa sipika Lamulungu lililonse kwa zaka zinayi. Mwina kukonda kwanga pickup yowala n'kukhwima kwa manja monga ndafotokozera, koma mwinanso ndikungofunafuna mawu amene makutu anga ayamba kutaya, ndipo njira yanga ya manambala ija singathe kusiyanitsa ziwirizi, chifukwa woweruza ndi khutu lomwelo. Humbucker imodzi ya ceramic ndinaizula, ili m'kabati yokulungidwa m'nsalu. Mnyamata wina amene wangolowa kumene m'gulu lathu waimva mbiri yake ndipo akufuna kuigula, maso ake akuwala monga ankawalira anga. Ndamuuza kuti andipatse mlungu umodzi, chifukwa sindinasankhe ngati ndimujambulire kansonga kaja pa pepala kapena ndingomugulitsa n'kumusiya aimbe kaye.