Kachipsera ka BCG ndi khate

Lero kusikelo, mwana akulira ndi jakisoni wa BCG, anamwino angoti, "Amayi, katemera ameneyu amatetezanso ku khate, ndipo umboni waukulu unachokera ku Karonga." Ine kukamwa yasa! Kachipsera kozungulira ka pamkono kaja tonse timangoti ndi ka TB basi.

Ndi zoonadi. Paul Fine wa ku London School of Hygiene and Tropical Medicine ndi Jörg Pönnighaus, dokotala wa ku Germany, anatsogolera kafukufuku yemwe anayamba ku Chilumba, m'boma la Karonga, mu 1979, antchito akuyenda khomo ndi khomo kupima mawanga apakhungu. Kenako anthu oposa 120,000 analowa m'kafukufuku wa katemera, zotsatira zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 1996. Kubaya BCG kachiwiri kunachepetsa khate pafupifupi ndi theka, koma TB ya m'mapapo sikunaitchinge. Tizilombo ta matenda awiriwa ndi tapachibale, n'chifukwa chake chitetezo cha m'thupi chikaphunzira kachilombo kamodzi chimazindikirakonso kanzake. Koma katemera wa TB kukagwira bwino pa khate, amangwetu, zimenezo ndiye zodabwitsa.

Chikundiwawa n'chakuti madokotala akunja amawerenga za Karonga m'mabuku awo, pomwe kuno ku Mangochi munthu akatuluka banga lotuwa, losamva ngakhale ulikhudze ndi thonje, timathamangira kunena kuti amulodza. Amabisa m'malaya mpaka zala kupindika. Chikhalirecho mankhwala a khate ndi aulere kuchipatala, akumwa miyezi 6 kapena 12 malingana ndi mtundu wake.