Kufesa mbande popanda peat: vuto lalikulu ndi kathiriridwe

Peat ndi zomera, makamaka ndere za sphagnum, zomwe zinafera m'madambo odzadza madzi koma sizinawole bwino chifukwa chosowa mpweya. Amaunjikana pafupifupi milimita imodzi pa chaka, ndiye kukumba mita imodzi n'kuchotsa zomwe zinatenga zaka 1,000. Madambo otere ndi 3 peresenti chabe ya mtunda wonse, koma kaboni amene asunga amaposa wa m'nkhalango zonse. Akangowaumitsa ndi ngalande, kaboniyo amathawira m'mlengalenga n'kumawonjezera kutentha kwa dziko. Nchifukwa chake mu 2021 kampani ya Bord na Móna ku Ireland inalengeza kuti yasiyiratu kukumba peat, ndipo mu 2022 boma la UK linati lidzaletsa kumugulitsa kwa olima maluwa pakhomo ku England.

Eni nazale, omwe amafesa mbande mu peat, nawo ali ndi mfundo zomukondera. Peat ndi wopepuka, alibe njere za udzu, ndipo thumba lililonse limafanana ndi linzake. Makoko a kokonati, omwe ambiri amalowetsa m'malo mwake, amachokera kutali ku India ndi Sri Lanka, ndipo kuwatsuka kumadya madzi ambiri. Zoona, koma makoko amapezeka chaka ndi chaka, dambo ayi.

Ambiri amene amati kompositi yopanda peat njachabechabe amakhala kuti akuithirira ngati ya peat. Makoko amauma pamwamba pomwe pansi pali chinyontho. Munthu akaona pamwamba pambuu amathamangira kheni, mizu n'kuwola, mbande n'kumagwa zitafota patsinde, tintchentche takuda n'kuswana. Lowetsani chala masentimita 3, kapena nyamulani mphikawo mumve kulemera kwake musanathire madzi. Thirani pang'ono koma pafupipafupi.

Pofesa, sakanizani magawo 2 a makoko, gawo limodzi la kompositi yowola bwino yosefa, ndi gawo limodzi la mchenga wokhakhala kapena perlite (timiyala toyera topepuka). Njerwa ya makoko opanikizidwa ya magalamu 650 ikanyowa imatupa mpaka malita 8 kapena 9. Ngati paketi sinanene kuti anatsuka, ivikeni n'kukhetsa madziwo kawiri, chifukwa mchere wotsalira umawotcha timizu.

Njala nayo imabwera msanga. Makoko pawokha alibe chakudya chenicheni, ndipo makungwa kapena utuchi wosawola umalanda nayitrojeni pamene tizilombo tikuuwoletsa. Masamba a m'munsi akayamba chikasu, ndi zimenezo. Yambani feteleza wosungunula pakatha masabata 3 kapena 4, theka la muyezo wolembedwa.

Kompositi ya zinyalala za m'munda isapitirire gawo limodzi mwa atatu a zosakaniza zonse. Ili ndi mchere ndipo pH yake (muyezo wa asidi; ikakwera ndiye kuti asidi ndi wochepa) njokwera, choncho mabulosi a blueberry, omwe amafuna pH ya 4.5 mpaka 5.5, sangakondwe nayo. Amenewa apatseni makungwa a paini owola. Ngati mukukayika kuti mu kompositiyo muli mankhwala ophera udzu, fesanimo nyemba zingapo kaye: masamba atsopano akapotana, musadzalemo tomato.