Diso la Virtual Boy mu uvuni wa masikono

Mlamu wanga amaitanitsa masipeya a galimoto kuchokera ku Japan, ndipo nthawi zina mu kontena mumakwera nawo tinthu tomwe ndamutuma. Ulendo uno munakwera Virtual Boy, makina akale osewerera magemu a kampani ya Nintendo. Anaigula pa okushoni, pa mulu wa katundu amene ogulitsa amaneneratu kuti ndi wowonongeka, usadzabwere kudzadandaula. Atandipatsira katoni anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kufunsa kuti, "Alamu, chimenechi n'choyezera maso, kapena n'chija amavala owotcherera mageti?"

Sindinamudzudzule. Chinthucho ndi chibokosi chofiira chokhala pa miyendo iwiri yachitsulo, ndipo kuti usewere uyenera kuchiimika patebulo, kuweramira kutsogolo, n'kulowetsa nkhope m'kati ngati mbuzi yomwe yapeza gaga m'ndowa. Nintendo inachitulutsa ku Japan pa 21 Julayi 1995 pa mtengo wa mayeni 15,000, ndipo ku America chinafika mu Ogasiti chaka chomwecho pa madola pafupifupi 180. Anayembekeza kugulitsa mamiliyoni. Anagulitsa pafupifupi 770,000 basi. Ku Japan anasiya kuchipanga mu Disembala, chisanathe n'komwe miyezi isanu ndi umodzi, ku America chinatha mu 1996, ndipo ku Ulaya sichinapondeko. Magemu onse amene anatuluka ndi 22. Kunsi kwa chibokosicho kuli kabowo kolumikizira makina awiri kuti anthu azipikisana, koma waya wake sanafike m'sitolo. Makinawo anafa waya asanabadwe.

Amene anatsogolera ntchitoyi ndi Gunpei Yokoi, yemwe uja anapanga timakina ta magemu ta m'manja totchedwa Game & Watch ndi Game Boy. Ambiri amakonda kunena kuti Virtual Boy ndi yomwe inamuchotsetsa ntchito. Ine ndimangokumbutsa kuti asanachoke mu 1996 anasiya atatulutsa Game Boy Pocket, yomwe inagulidwa bwino. Koma tisapite kutali, nkhani ya lero ndi ya munthu wina amene analakwitsa payekha popanda womuthandiza.

Poyambirira ndinachita zonse mwaukatswiri, ndipo ndikufuna zimenezi zilembedwe. Magetsi a Virtual Boy salowera pa chibokosi chija, amadzera pa kontirola, ndipo switchi yoyatsira ili pomwepo. Kuseri kwa kontirola kumalowa kabokosi ka mabatire a AA asanu ndi limodzi, amene amatha pakadutsa maola anayi kapena kuposerako pang'ono. Mu katoni munalinso adaputa ya ku Japan, yolandira mavolti 100. Soketi yathu imatulutsa 230. Mlamu wanga anali atagwira kale pulagi kuti ayese, ine n'kumulanda, n'kumuphunzitsa kwa mphindi khumi za anthu opupuluma amene sawerenga manambala asanalumikize chinthu. Ndinalankhula mokweza, mayi akunyumba akumva ali kukhitchini. Mawu amenewo anawasunga.

Nditaika mabatire, makina anayamba kulira chapansipansi ngati udzudzu wotsekeredwa m'botolo. Kulirako si vuto, ndi mmene amagwirira ntchito. M'katimo mulibe sikirini ayi. Diso lililonse lili ndi mzere umodzi woimirira wa tinyali tofiira ta LED 224, ndipo kutsogolo kwake kuli kagalasi komwe kamagwedezeka pafupifupi ka 50 pa sekondi. Kagalasiko kamamwaza kuwala kwa mzerewo kuchokera mbali ina kupita ina, diso n'kunamizidwa kuti likuona chithunzi chathunthu cha madontho 384 m'lifupi ndi 224 m'litali. Luso limeneli linachokera ku kampani ya Reflection Technology ya ku Massachusetts. Diso lamanzere limaona chithunzi chosiyana pang'ono ndi lamanja, ubongo n'kuphatikiza ziwirizo, zinthu n'kumaoneka zina pafupi zina patali. Zonse zofiira pa mdima wakuda bii, chifukwa mu 1995 tinyali tofiira ndi tomwe tinali totchipa komanso tosadya mabatire.

Ndinalowetsa katiriji (kabokosi kosunga gemu) ya Mario's Tennis, ndinapotokola kachiwilo ka pamwamba kofananitsa mtunda wa pakati pa maso mpaka tizizindikiro tinayi ta m'makona titaoneka, ndinasuntha kolongosolera chithunzi. Ndiye ndinaona bwalo la tenisi lodukaduka ndi mizere yopingasa, ngati ndikuonera mpira kudzera pa mpanda wa bango. Diso lamanzere linali loipitsitsa, Mario anali ndi mutu ndi nsapato, pakati palibe.

Matenda amenewa aliyense wosunga makinawa amawadziwa. Kabolodi ka tinyali kamalumikizidwa ndi lamba wopyapyala wa mawaya, ndipo lambayo sanamuwotcherere ndi mtovu, anamumata ndi guluu wodutsa magetsi. Guluu akakhala zaka pafupifupi makumi atatu amatopa, timawaya tina timanyamuka, ndipo kalikonse kakanyamuka chithunzi chimabowoka. Njira zochizira zilipo ziwiri. Yokhalitsa ndi kuwotcherera lambayo ndi mtovu, ntchito yofuna dzanja losanjenjemera. Yachidule ndi kutenthetsa kabolodiko pang'ono mu uvuni kuti guluu afewe, kenako kusindikiza lambayo mwamphamvu mpaka azizire. Mukudziwa kale yomwe ndinasankha.

Kutsegula kokha kunandidyera Lachisanu lonse. Masikuruu ake ndi a mutu wa nyenyezi wa mamilimita 4.5, omwe amawatcha gamebit, ndipo ena anabisala pansi pa mabowo akuya, opapatiza. Chomasulira chomwe ndinali nacho chinali chonenepa, chosalowa. Ndinapita nacho kwa owotcherera mageti aja kuti achisende pa gulayinda mpaka chionde. Chivundikiro chikachoka, kabolodi ka diso lililonse kamagwidwa ndi timasikuruu tiwiri wamba, ndipo lamba amasololoka pa soketi yake pa bolodi yaikulu. Timagalasi togwedera tija osatikhudza, ndi tosachedwa kusokonekera. Ndinachotsa diso lamanzere lokha. Pa zonse zomwe ndinachita sabata imeneyo, nzeru zinali pamenepa.

Loweruka m'mawa mayi akunyumba anapita kukagula ufa wa tirigu ndi majarini, chifukwa amayi a kumpingo amabwera masana ndipo panafunika masikono. Uvuni unali wopanda ntchito kwa ola lathunthu. Malangizo omwe ndinakopera papepala amati: tenthetsa uvuni kufika pa 200, ika kabolodi kwa mphindi ziwiri, tulutsa, sindikiza. Ndinayang'ana chopotokola cha uvuni wathu, 200 analipo, wolembedwa bwinobwino. Ndinasangalala kuti zinthu zikugwirizana.

Amene analemba malangizowo ndi anthu a ku America, ndipo kwawoko kutentha amayeza mu Fahrenheit. Madigiri 200 awo ndi 93 athu a Celsius, osafika ngakhale powiritsa madzi a tiyi. Madigiri 200 a uvuni wathu ndi 392 awo. Mtovu wowotcherera mawaya umayamba kusungunuka cha pa 183. Kalembo ka F kanalipo ndithu pomwe ndinakopera, ndinakapeza madzulo ake, kali phee pambali pa nambala. Ine ndinakasiya poganiza kuti n'kokongoletsa.

Ndinayala pepala la masikono pa thireyi, ndinagoneka diso pakati, ndinatseka chitseko. Mphindi ziwiri zitakwana ndinaganiza kuti guluu wa zaka zambiri chonchi ndi wouma mutu, ndinawonjezera ina imodzi, monga umachitira ndi nyemba.

Fungo ndi lomwe linayamba kundiuza. Silinali la chinthu chopserera wamba, linali lija limatuluka minibasi ikamakwera chitunda itanyamula anthu ndi matumba a makala. Nditatsegula, lamba uja anali atapiringizika ngati usipa wokazinga. Kapulasitiki koonekera komwe kamaphimba tinyali 224 kanali katachita mbuu, katapindikira m'kati, ndipo pansi pake mpomwe pamadutsa timawaya tosaoneka ndi maso tomwe timadyetsa kanyali kalikonse. Komabe ndinatsatira malangizo mpaka kumapeto. Anati sindikiza, ndinasindikiza, ndi chala chachikulu chopanda kanthu. Chidindo cha chala changa chili pa kabolodiko mpaka lero, ndipo chidindo cha kabolodiko chinakhala pa chala changa masabata awiri.

Mayi akunyumba anandipeza ndili pakati pa khitchini, chala m'kapu ya madzi, dzanja linalo likukupiza utsi ndi chivundikiro cha poto.

"Bambo a ana, mwaphika chiyani?"

"Diso."

Anaika jumbo pansi pang'onopang'ono. "Diso la ndani?"

Ndinafotokoza za guluu, za Fahrenheit, za Massachusetts. Anamvetsera mpaka nditamaliza, kenako anati, "Paja munkati anthu opupuluma amatani ndi manambala?"

Tinatsuka uvuni ndi soda ndi viniga, tinatsegula mawindo onse, tinauyatsa wopanda kanthu kwa theka la ola. Masikono anatuluka okongola ndithu, ofufuma. Ine ndinabisala kuchipinda, koma khoma lathu ndi lopyapyala. Ndinamva mayi wina wachikulire akutafuna mwaulemu, kenako n'kunena kuti, "Koma masikono anu lero ndi achilendo, amayi. Akununkhira ngati wailesi yatsopano." Mayi akunyumba anayankha kuti ndi resipi ya ku Japan, abambo ndi amene anaibweretsa.

Diso lamanja ndinalitengera kwa mnyamata wina wokonza mafoni mumsika, amene anali asanabadwe pomwe makinawa ankafa. Anayang'ana kamodzi n'kumvetsa. Anamata lamba ndi tepi yosapsa kuti asasunthe, anapaka flux, mankhwala othandiza mtovu kugwira, anatenga kadontho ka mtovu kunsonga ya chowotcherera n'kumakayendetsa motsatira timawaya, osati mopingasa, mpaka kapulasitiki ka pamwamba ndi guluu wakale zitasungunuka, mkuwa n'kugwirana ndi bolodi. Anapukuta ndi sipiriti, anayang'ana pa galasi lokulitsa ngati pali timawaya tiwiri togundana, anapeza pamodzi, anakonza. Mphindi makumi awiri. Nditamuonetsa diso linalo analitembenuza uku ndi uku, analinunkhiza, n'kufunsa kuti, "Madala, nyumba yonse inapsa, kapena zina munapulumutsa?"

Ndinabwezeretsa zonse m'malo mwake. Diso lamanja linawala bwino kwambiri, mopanda mzere ngakhale umodzi, ndipo ndinamvetsa chifukwa chake anthu ena amakakamira makinawa: kufiira kwake n'kwakuthwa, mdima wake ndi weniweni. Kumanzere kunali usiku. Tsono chinthu chokhacho chomwe Virtual Boy inapangidwira ndi kuonetsa kuya kwa zinthu, ndipo kuya kumafuna maso awiri. Mu Mario's Tennis umadziwa nthawi yomenya poona mpira ukuyandikira. Ine ndimaona kadontho kofiira kakukula pang'ono, ndimamenya mphepo, mpira n'kudutsa. Donkey Kong Jr., nyani yemwe ndimapikisana naye m'gemumo, wandichinya maseti asanu ndi anayi otsatizana. Makinawa ali ndi dongosolo loimitsa gemu pakapita kanthawi kuti upumitse maso, ndipo ndimalisiya loyatsa, chifukwa ndi nthawi yokhayo yomwe sindikugonja.

Mwana wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi ndinamuletsa kusewera, popeza buku la malangizo limachenjeza kuti ana osakwana zaka 7 asagwiritse ntchito, maso awo akadakula. Iye anaganiza tsiku lonse n'kubwera ndi mlandu wake: chenjezolo ndi la makina a maso awiri, athuwa ndi a diso limodzi. Nkhaniyi ikadali kwa amayi ake.

Mlamu wanga akundisakira Virtual Boy ina yakufa yoti ndichotsemo diso. Dzulo anatumiza uthenga kuti wapeza imodzi ku Osaka, yosweka mwendo, yotchipa. Pansi pake anawonjezera kuti, "Alamu, mtengowu ndi wa mayeni, si makwacha. Muwerengetse kwa achemwali musanayankhe."